Kafe wa pa Phale la Mtedza

Tasunthirani kuno, inu ana, utsi ukulowera kwanuko. Iwe Tadala, telefoniyo siithawa, taika m'thumba undigwirire lichero ili. Mwachoka ku Tete kuti mudzatione, koma maso ali pa kagalasi tsiku lonse, ife agogo anu mukutiyesa zitsa. Dzulo ndinakumvani mukunong'onezana kuseri kwa nkhokwe: "Agogo amavutikiranji ndi phale, chonsecho ku loja, kusitolo kuja, kuli kafe wa m'timapepala wongothira madzi otentha?" Musakane. Makutu angawa akalamba, koma miseche amaitola.

Kafe ameneyu, amene abale athu a ku Dedza amati khofi, ine sindisewera naye. Anatsala pang'onong'ono kundilanda agogo anu aakaziwa, ndipo zikanatero, inu nonse mwandizungulira panonu simukanabadwa. Anaphiri, musandiyang'ane choncho, lero ndiwauza. Ngati n'kutsutsa, mutsutse ndikamaliza.

Taonani kaye njerezi zisanalawe moto. Zotuwa mobiriwira, fungo lake ngati udzu wongomwetedwa kumene, kulimba kwake gwa. Inasiyo, tenga imodzi ulume. Ayi, ayi, bweza! Mano akowo ngatsopano, amayi ako angandiimbe mlandu. Ingoifinya ndi zala umve kulimba kwakeko, chifukwa nkhani yanga yagona pamenepo.

Ine ndinabadwira ku Domwe, kwa Angoni, kumene munthu ankamuyeza ndi khola lake. Bambo anga anapita ku migodi ya ku Joni ndili wamng'ono, ndipo chimene chinabwerako ndi bulangeti ndi uthenga wa maliro. Anandilera ndi amayi okha, Anangozo. Inu simunawaone. Anali afupi, msinkhu wa Tadalayu, koma akaitana mwana kudimba, ana a mudzi wonse ankavomera. Ukawauza kuti njira ndi iyi, ankayankha kuti, "Ndinaiyenda iwe usanabadwe," ngakhale njirayo ailambule dzulo.

Koma pa mtedza, eee, pamenepo ankayenera kudzitama. Anali ndi phale lawo, chibenthu cha mbiya yakalekale, lakuda bii, ndipo sankalola munthu kulikhudza. Moto wake wa zitsononkho, osati nkhuni. Ankatakasa osapumira, dzanja likuzungulira mofatsa, mtedza ukangofiirira n'kuwaza madzi a mchere, n'kutakasabe mpaka mcherewo uume mbuu pa khungu. Paukwati, pa gule wa ngoma, anthu ankati, "Mtedza akazinge Anangozo." Phale limenelo linatiswekera m'njira nthawi ya nkhondo, tikuthawira ku Dedza, ndipo amayi analilira kuposa mbuzi zimene tinasiya. Inu mumagula mtedza wa m'mapulasitiki uja, wina wopserera wina wauwisi, n'kumati mwadya mtedza. Munamanidwa, ana inu.

Za kafe kwathu kunalibe. M'mawa wa mwezi wa chisanu, udzu utayera mbuu, tinkamwa thobwa kapena kukukuta chimanga chokazinga, basi ulendo wa kudimba. Tiyi tinkamuona tikawoloka malire ku Kalomwe. Nditakula ndinagula njinga, yakuda, yolemera, mabuleki ake chinali chidendene changachi. Ndinkamangapo matumba a kachewere, kukankha m'zitunda, kutsetsereka m'zigwa, kukagulitsa ku malire. Lero mumakwera njinga zamoto, koma kungofika pamsika apa mwati msana ukuwawa.

Njinga yomweyo ndiyo inandifikitsa ku Fonte Boa. Ndinamva kuti apadiri a ku misawu, kumishoni kuja, akufuna kachewere wabwino, ndiye ndinalawira, ulendo wautali. Pakhomo la nyumba yophikira panatuluka mtsikana atanyamula dengu. Anatola kachewere mmodzi, kumutembenuza uku ndi uku, nati, "Achimwene, wapamwambayu ngwamkulu. Nanga wapansi?" Ine ndinakhuthula thumba lonse pansi kuti aone yekha. Anaseka. Kuseka kumeneko kunandilowa mpaka m'mafupa, ndipo kuyambira pamenepo apadiri anadya kachewere wa ku Domwe mpaka kutopa naye. Mtsikanayo ndi awa akhala pamkekawa, Selestina, amene lero mukuti agogo, ine n'kumati Anaphiri.

Bambo ake, a Venansiyo, ndiwo ankaphikira apadiri. Aatali, owonda, osalankhulalankhula. Akakuyang'ana unkayamba kukumbukira machimo ako. Mkazi wawo anamwalira Selestina akuyamwa, ndipo sanakwatirenso. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mitengo ingapo ya kafe imene apadiri anawagawira. Ine ndinalawapo kamodzi, agogo anuwa atandibisira m'kaneka, kapu ya chitsulo ija, wotsala pa tebulo la apadiri. Wakuda, wowawa. Ndinameza ngati mankhwala n'kunena kuti ngokoma. Kapangidwe kake sindinakaonetsetse, maso anga anali kwina.

Tsono vuto linali apa. Kwa anthu a ku misawu kuja, mwamuna akakwatira ankakakhala kwa mkazi, chikamwini. Ife Angoni timalowola, mkazi amabwera kwathu. Ine kusiya amayi okha ndi ng'ombe sindikanatha. Choncho amalume anga atapita kukafunsira mbeta, chimene ankapempha kwenikweni n'chakuti bambo uja apereke mwana wake mmodzi yekhayo, apite kutali, kumudzi kumene sanapondeko, akakhale m'manja mwa mayi amene sakumudziwa. Ndiponso kunali mlembi wina wa boma wa ku Ulongwe, wovala nsapato tsiku ndi tsiku, amene ankazungulirazungulira pomwepo. Iyeyo za chikamwini analibe nazo vuto.

Amalume anabwerako opanda inde, opanda ayi. A Venansiyo anangoti, "Ndamva. Chimanga chikalowa m'nkhokwe ndidzabwera ndekha, ndidzaone kumene mukufuna kumutengerako." Zachilendo zimenezo, chifukwa nkhani zotere amayendetsa ndi ankhoswe, bambo wa mwana sadziyendera. Kenako anatulutsa kathumba ka nsalu, nati, "Aka mukawapatse mayi ake a mnyamatayo."

Tsiku limene kathumbako kanafika, ine ndinali ku Kalomwe. Amayi anamasula, anaona njere zotuwa zong'ambika pakati, nati, "Nyemba za ku misawu." Safunsa anadya phula, inu ana. Anatapa mbale imodzi, kutsuka, kuika mumphika, kusonkhezera moto. Dzuwa linafika pamutu, nyemba gwa. Anathira chidulo. Gwa. Mtolo wa nkhuni unathera pamenepo, madzi anasanduka obiriwira ngati a m'chithaphwi. Anakakhuthulira nkhumba, nkhumba inangonunkhiza n'kutembenuka. Pofika ine ndinawapeza ali pakhonde, atatupa ndi mkwiyo.

"Iwe Lusiyano, apongozi akowo akundiyesa chitsiru? Anditumizira miyala!"

"Amayi, si nyemba zimenezo. Ndi kafe. Saphika choncho, amakazinga."

"Amakazinga?" Nkhope inamasuka nthawi yomweyo. "Nanga osanena bwanji? Ndiye andipeza."

Ndinati ndipitirize, ndinene kuti akakazinga amasinja n'kumwa ngati tiyi, koma anakweza dzanja. "Iwe wa dzana lomweli undiphunzitse kukazinga ine? Pita ukatsekere ng'ombe." Ndinayesanso masiku ena, koma ndikangotchula phale ankandipirikitsa ngati nkhuku ya pa mphale. Ndinadzitonthoza kuti mlendo akadzabwera tidzamupatsa thobwa, kathumbako kadzakhala kataiwalika.

Tsikulo litafika amayi anazira nyumba, anasesa mpaka kukhola, anapha tambala. Ine anandituma kukachingamira mlendo kumtsinje, kuti ndimunyamulire njinga powoloka. Titafika pakhomo, a Venansiyo anakhala pa mpando umodzi umene tinali nawo, amalume pambali pawo, ine pansi chapatali, monga ayenera kukhalira munthu wofunsira. Mlendo anayang'ana denga, anayang'ana nkhokwe, anafunsa kumene timatunga madzi. Atayankhidwa anangogwedeza mutu.

Kenako amayi anatulukira atavala nsalu yawo ya ku tchalitchi. Anagwada, anaika mbale ya malata patsogolo pa mlendo.

"Takulandirani, bambo. Chakudya chikubwera, koma yambani mwakukuta kafe wanu uja. Ndakazinga ndekha."

Ndinasuzumira m'mbalemo, thukuta kutuluka chisanu chili chonsecho. Njere zinali zachikasu, zongofiirira pang'ono, pophulira mtedza penipeni, ndipo iliyonse inali itavala mchere mbuu.

Amalume, amene chakudya sankachiyang'ana kawiri, anatapa n'kuponya mkamwa. Tinangomva khwa! Anagwira tsaya, analavulira m'dzanja, ndipo pakati pa njerezo panali chibenthu cha dzino. Mukuti chiyani, Anaphiri? Kuti dzinolo linali logwedera kale? Inu simunalipo, munatsala ku Fonte Boa mukupemphera kolona. Isiyeni nkhani yanga.

A Venansiyo anatola njere imodzi, anaiyang'ana mbali zonse, anaiika mkamwa, n'kuisunga momwemo. Azimayi a pamudzi amene anabwera kudzathandiza kuphika ankasuzumira pa mpanda, ndipo wina anaphulika kuseka n'kutseka pakamwa ndi nsalu. Amayi anali chigwadire. Anayang'ana amalume, anayang'ana mlendo, kenako anayang'ana ine, ndipo ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo chibadwire: milomo ya Anangozo ikunjenjemera. Anazindikira kuti alakwitsa, koma osadziwa kuti alakwitsa pati. Ndipo analakwitsa pa ntchito imene ankaidalira kuposa zonse, pamaso pa munthu amene anabwera kudzawayeza.

Ine za ukwati ndinaona kuti zatha. Ndi bambo uti angapereke mwana wake, wodziwa kuwerenga ndi kulemba, kwa anthu othyola alendo mano? Koma kunena zoona, panthawi imeneyo chinandibaya kwambiri ndi amayi. Mayi amene anandilera ndi mtedza wa pa phale lomwelo asekedwe pabwalo pawo, ine ndikuonerera? Ndinakwawa mpaka pa mbale, mwambo ndinauiwala, ndinatapa dzanja lodzaza n'kuponya mkamwa. Inu ana, ndinakukuta! Kuwawasa, kuwawa, mchere, fungo la udzu, zonse pamodzi, nsagwada zikulira. Ndinameza misozi ili lengelenge, ndinati, "Amayi, mchere wakwana bwino."

A Venansiyo anandiyang'ana, kuyang'ana kwawo kuja. Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Mayi, wosakazinga watsalako?"

"Watsala," anayankha amayi, mawu ali pansi.

"Nanga phale limene mwakazingira lili kuti? Ndilione."

Anaimirira n'kulunjika kophikira. Amalume anaiwala dzino, anafuula, "Bambo, kumeneko n'kwa azimayi!" Kwathu mwamuna, makamaka mlendo, kukakhala pa mafuwa a mayi wa pakhomo zinali zosamveka. A Venansiyo anangoti, "Ine ndakalambira pa mafuwa," nawerama n'kulowa. Amayi anatsatira. Ine ndinaima pakhomo.

Sanawalande amayi mthiko, ayi. Anatambasula dzanja kuonetsa njere za mchere zija zimene anatapa m'mbale, nati, "Taonani, mayi. Zonsezi zapsa mofanana, palibe yopserera mbali imodzi. Kwathu kuja ndaphunzitsa anthu ambiri, koma dzanja lotere sindinalipeze. Mwangophula msanga basi, ndipo mchere safuna. Tsukani phale, mutakase ndinu. Ine ndizingonena pophulira."

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, anakoleza zitsononkho, anathira njere zotsala zija. Dzanja litangoyamba kuzungulira, anakhalanso Anangozo amene tinkawadziwa.

Zinayenda monga zikuyendera pa phale langali, taonani. Kutuwa kuja kunatha, njere zinasanduka zachikasu, fungo la udzu linachoka n'kubwera longa la mkate mu uvuni. Amayi anatambasula dzanja kuti aphule, chizolowezi cha mtedza. A Venansiyo anati, "Ayi, mayi, pitirizani. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Timakoko topyapyala tinayamba kuuluka, njere zikutupa, zikufiirira. Kenako zinayamba kuthetheka, the! the! the! ngati chimanga cha mbuliwuli. Amayi anadzidzimuka, anatsala pang'ono kutaya mthiko.

"Tapaniko pang'ono muike pa lichero," anatero mlendo. Mulu woyambawo unali wofiirira mowala, wouma, kamzere ka pakati pa njere kakadali koyera.

Amayi anatakasabe. Kuthetheka kunaleka, utsi unayamba kununkhira ngati shuga wogwera pamoto, njere zinadera pang'ono, mtundu wa ng'ombe yofiira ikanyowa ndi mvula. "Tapaninso." Umenewo unali mulu wachiwiri.

Zotsalazo anazisiya mpaka zinayambanso kuthetheka, koma motsitsa tsopano, monga umachitira udzu wouma ukamapsa. Utsi unadzaza m'nyumbamo, ine pakhomo ndikutsokomola. Njere zinada bii, zinatuluka mafuta, waliwali ngati mafulufute. "Phulani msanga! Mukachedwa apa mwaotcha makala." Amayi anakhuthulira pa lichero n'kupeta kuti zizizire.

Anasinja mulu uliwonse pawokha m'kamtondo ka nsinjiro. Woyamba uja unavuta, munsi ukudumpha, njere zikuthawira kunja. Wakuda uja unangofumbutuka, wopepuka, wosafuna mphamvu. Anawiritsa madzi, ndipo poti makaneka tinalibe okwanira, anathira m'zikho zomwera thobwa. Amayi anayamba kupepesa kuti shuga tilibe, koma a Venansiyo anati n'chimodzimodzi, shuga amabisa zambiri.

Amayi analawa woyamba, anakwinya nkhope. "Uyu ngowawasa, ngati pichesi losapsa."

"Eya. Wophula msanga amatero, mumamva chipatso chake. Alipo omukonda."

Analawa wakuda uja, anapukusa mutu. "Aaa, uyu ndi kwinini. Utsi wokhawokha."

"Ameneyo ngwa apadiri. Akuti kwawo amamwa wotero. Moto wadya zonse, chatsala n'kuwawa."

Analawa wapakati. Analawanso. "Uyu ndiye waulemu. Kuwawasa kwachepa, kuwawa sikunafike. Ndipo akutsekemera chakumapeto, chonsecho simunathire kanthu."

A Venansiyo anafufuza pa lichero, anapeza njere imodzi ya mulu wapakatiwo imene inatsalira m'mphepete, anaiika m'dzanja la amayi.

"Mtundu umenewu muusunge m'maso, mayi. Kuthetheka koyamba kukatha mudikire pang'ono, kwachiwiri kusanayambe muphule. Selestina amamwa ameneyu. Wowawasa uja amamupweteka m'mimba, wakuda uja amangomwera ulemu." Anatsokomola, anayang'ana pamoto. "Chiyambire ali kamtsikana ndimamukazingira ndine. Kwa eni kuno sadzapempha, ndikumudziwa. Muzidzangomukazingira. Mbande ndidzatumiza ndi mvula yoyamba."

Ine pakhomo paja sindinamve msanga, nzeru zonse zinali ku nsagwada. Amayi ndiwo anamva. Anafumbata njere ija, anagwada pa phulusa pomwepo, nsalu ya ku tchalitchi ili yomweyo, nati, "Ndamva, asewere. Mwana wanuyo ngwanga. Tabwerezaninso pophulira paja, ndingadzaphonye."

Asewere! Mawu amenewo, inu ana a m'tauni, makolo amaitanirana ana awo akatengana. A Venansiyo sanawakane. Anayambanso kufotokoza pang'onopang'ono, kuchokera pa chikasu paja, amayi akuvomera, ndipo ine ndinathawira kukhola kukalira kumene ng'ombe zokha zikanandiona.